Ndinati Ndinagwa Pangalande

Ndikakumbukira anganga aElube, ndimamva fungo la utsi wa mankhusu a mpunga, utsi wolemera uja umene sukwera kumwamba koma umangokwawa pabwalo, n'kulowa m'zovala zoyanika ndi m'tsitsi, utasakanikirana ndi mafuta a milamba amene ankadonthera pamoto. Kwathu kuja, kumunsi kwa sikimu ya mpunga ya Likangala, nkhuni zimasowa kuposa ndiwo, choncho iwo ankawamba nsomba ndi mankhusu otola kuchigayo, pauvuni wadothi umene anaumba okha kuseri kwa nyumba yawo. Ife podzuka tinkawapeza atakhala kale pakampando kawo, maso ali psuu ndi utsi, akutembenuza milamba pawaya ndi zala zimene zinaiwala kalekale kuti moto umaotcha, kwinaku akutukwana mbuzi za eni ake ndi khwangwala aliyense wodutsa.

Sanali agogo anga enieni. Tinkangoyandikana nyumba, pakati pathu pali kanjira ndi mtengo umodzi wa papaya, koma mudzi wonse unkawatchula anganga, ndi ife tomwe. Musaganize za nkhalamba yokoma m'kamwa yogawira ana chiponde. Anali aumbombo ndithu. Mutu wa mlamba ukathothoka n'kugwera paphulusa, ankautola, kuuuzira pang'ono, n'kuubwezera pawaya ife tikumeza malovu. Fodya wawo wa m'mphuno ankamusunga m'kabotolo komangirira pansonga ya chitenje, ndipo akakoka kamodzi n'kuyetsemula tinkadziwa kuti lilime lamasuka, wina alandira zake lero.

Koma ulemu anali nawo wochita kukuchititsa manyazi wolandirawe. Mwamuna aliyense, ngakhale mnyamata amene anamuona akukwawa, bola wakwatira, ankamugwadira pomupatsa moni. Pakhomo pa munthu sankafika osaima patali n'kuodira, ndipo sankachoka osatsanzika, ngakhale atangobwera kudzapala moto. Makolo awo anachokera kutsidya kwa nyanja, ku Mozambiki, ndipo iwo ankati anthu ajawo anafika kuno ndi mphasa pamutu basi, minda yonse tikulimayi inabwera ndi ulemu. "Cha mwini umayamba wapempha," ankatero, "ngakhale chili kale m'manja mwako."

Kwathu tinalipo ana awiri, ine Edina, wa zaka khumi ndi chimodzi panthawiyo, ndi mlongo wanga Dalitso wa zaka zisanu. Abambo anali mkamwini pamudzi pa amayi, ndipo mukanafunsa aliyense akanakuuzani kuti amayi anatola mwayi: munthu wolimbika kumunda, wosalawa mowa, woimba besi mukwaya ya kutchalitchi. Sankamenya amayi ataledzera ayi, ankawamenya ali bwinobwino, dzuwa likuswa mtengo, pa zifukwa zimene lero ndikazitchula mungaseke: ndiwo zachepa mchere, achedwa kuchigayo, apereka moni kwa wogula mpunga akumwetulira. Amalume, eni mbumba, anali ku Joni chaka chachinayi osabwera. Ankhoswe akaitanidwa ankakhala pansi pa mtengo wa mango, ife atatithamangitsa chifukwa nkhani za m'banja si za ana, ndipo pomwazikana tinkangomva mawu omwe aja akuti banja ndi kupirira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatifunsapo kuti ana inu mumaona zotani m'nyumbamu.

Ine ndinali ndi ntchito yanga imene palibe anandipatsa. Abambo akakwiya sankakweza mawu, ankawatsitsa, ndiye ndikangomva mawu atsika ndinkabereka Dalitso n'kudutsa kanjira kaja. Anganga sankatifunsa kanthu. Ankangosendera pang'ono n'kutipatsa chochita ngati tabwera kudzafuna ganyu, ine kuthira mankhusu pamoto, Dalitso kuingitsa ntchentche ndi kanthambi. Phokoso la kwathu likakula, iwo ankayamba kutukwana mbuzi mokweza kwambiri, ngakhale pabwalo panalibe mbuzi ndi imodzi yomwe, akuitchula mayina a makolo ake onse mpaka Dalitso kuseka. Pauvuni paja ndi pokhapo pamene mwana uja ankagona tulo tabwino, atatsamira ntchafu yawo, utsi ukumudutsa pamwamba. Tsiku loterolo mutu wa mlamba ukagwa ankaupereka kwa iye, n'kundiyang'ana ine mondichenjeza kuti ndisazolowere.

Chaka chimenecho, mpunga utayamba kukhwima, tsiku lina ndinachedwa. Ndinali kumjigo, kumene mzere unali wautali, ndipo pobwera ndinapeza zayamba kale, amayi ali pansi pafupi ndi mtondo, Dalitso ataima pakhomo akungoyang'ana, chala chili m'kamwa. Sindidziwa chimene chinandilowa. Ndinatula ndowa n'kukaima pakati pawo, ndipo dzanja limene linkapita kwa amayi linapeza khutu langa lakumanzere. Ndinamva ngati ndamira m'madzi. Madzulo ake amayi anandipukuta magazi ndi kansalu konyowa, n'kundinong'oneza kukhutu linalo kuti mwana wamwambo saulula za m'nyumba.

Panapita masabata awiri. Inali nyengo yoingitsa mbalame, pamene ana a kusikimu tinkajomba kusukulu n'kumakhala m'minda kuyambira mame asanaume, miyendo ili m'matope, tikukoka zingwe zomangirira zitini, kugenda mibulu ya dothi ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, pamene mpheta zinkangonyamuka apa n'kukatera apo ngati zikutiseka. Kandime ka anganga kanali kumanzere kwa munda wathu. Tsiku lina mbalame zinatera mbali yawo iwo ali chapatali, ndipo akuti anandiitana kanayi konse kuti ndikoke chingwe, ine osatembenuka n'komwe. Anabwera akuponda matope, atakonzeka kundisambitsa chokweza chifukwa cha mwano, n'kundigwira khutu lomwelo kuti alipotokole. Ndinakuwa kukuwa kumene kunaulutsa mpheta za minda itatu. Atachotsa dzanja, zala zawo zinali ndi mafinya.

Anandikhazika m'mphepete mwa ngalande n'kuyang'ana khutulo nthawi yaitali, akupumira m'mwamba. Anandifunsa kamodzi kokha kuti ndani wachita zimenezi, ndipo ine, kaya chifukwa cha ululu, kaya chifukwa panalibe wina wotimva koma mbalame, ndinanena zonse monga zinachitikira. Aka kanali koyamba ndi komaliza kunena zoona pa nkhaniyi ndili mwana. Iwo anati mawa m'mamawa tipita kuchipatala, ndipo kumeneko ndikanene ndendende monga ndawauzira, chifukwa zimene adokotala alemba m'kabuku ndi zimene aboma amakhulupirira. Zimenezi anazimva kwa mayi wina wogula nsomba, amene nkhani yake inafikapo kukhoti. Za kabaza anati ndisade nkhawa, alipira okha, anthu aumbombo aja.

Apa ndi pamene ulemu wawo unatipweteka. M'mawa mwake anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, nabwera pakhomo pathu, kuima patali n'kuodira. Abambo atatuluka, anganga anagwada pansi, manja pamodzi, n'kunena kuti aona khutu la mwanayu silili bwino, ndiye amati atsanzike kaye kwa eni ake asanapite naye kuchipatala. Kwa iwo, kutenga mwana wa munthu n'kupita naye paulendo bambo wake osadziwa kunali kuba, ngakhale bamboyo ali yemwe wamupweteka. Abambo anathokoza kwambiri. Anati anganga ndi mayi weniweni, anthu otere akusowa masiku ano, koma asataye ndalama za kabaza wa anthu awiri, mwana amunyamula okha panjinga yawo, anganga azibwera pambuyo.

Ndinakhala pakaliyala nditagwira malaya awo, ndikuona msana wawo ukunyowa ndi thukuta. Tisanafike anaima pakamsika kena n'kundigulira mandasi awiri otentha. Sanandiopseze, ndipo ndikanakonda akanandiopseza, bwenzi lero ndili ndi ponamizira. Anangondifunsa mofatsa ngati ndikukumbukira tsiku lija ndinaterereka pakamlatho ka ngalande n'kumenyetsa mutu pasimenti. Ndinati sindikukumbukira. Anati ndiganize bwino, chifukwa ana oiwalaiwala amamangitsa abambo awo, ndiye mpunga uli m'mundawu akolola ndani, Dalitso adya chiyani. Ndinadya mandasi aja onse awiri, ndipo manyazi anga amayambira pamenepa, chifukwa anandikomera.

Kuchipatala mzere unali wozungulira khonde. Adokotala anali mnyamata wotopa, osati munthu woipa ayi, kungoti panja pankadikira anthu ambirimbiri. Abambo analowa nane n'kuima pachitseko, chipewa chili m'manja. Anganga anali atafika ali wefuwefu, nakhala pabenchi panja pomwepo, pamene ankamva zonse. Adokotala anaunika khutu ndi katochi, nanena kuti kachikopa ka m'kati kang'ambika ndipo tachedwa nako, kenako anafunsa, maso ali pakabuku, kuti chinachitika n'chiyani.

"Ndinagwa pangalande," ndinatero.

Anganga anadzuka n'kulowetsa mutu m'chipindamo. "Edina, mwanangu, nena zija unandiuza dzulo zija."

Ndinayang'ana chipewa chikuzungulira pang'onopang'ono m'manja mwa abambo. "Ndinagwa pangalande, anganga. Inu simunamvetse."

Adokotala analemba mzere umodzi m'Chingerezi, natilembera mankhwala, n'kuitana wotsatira. Kabukuko abambo anakaika m'thumba la malaya awo. Anganga anabwerera wapansi, ndipo ife tinawadutsa panjira, abambo akuwaimbira belu la njinga mwaulemu. Masiku otsatira ndinkayembekeza kuti anganga andikalipira, ndipo ndinali nditakonza kale mayankho, koma sanatero. Mawu a abambo atatsikanso ndinapita ndi Dalitso pauvuni ndili chozyolika, iwo n'kungosendera monga mwa masiku onse.

Patapita miyezi itatu abambo anathyola amayi dzanja. Ulendo uno amayi sanaitane ankhoswe. Anapita kupolisi, anganga akuwaperekeza, ndipo nkhani inafika kukhoti ku Zomba. Chimene amayi ankapempha chinali chikalata choletsa abambo kufika pakhomo ndi kutiyandikira ife ana. Abambo anati za dzanjalo zinali ngozi, ankalimbirana khasu mkazi n'kugwa, mikangano imene ili m'banja lililonse, koma ana awo sanawakhudzepo chibadwire, ndipo mkazi wawo akungosokonezedwa ndi nkhalamba ina yoyandikana nayo. Choncho nkhani yonse inadzatsamira pa khutu langa.

Aka kanali koyamba ine kufika m'tauni. Anandiveka yunifolomu ya kusukulu poti ndi chovala chokhacho chimene chinalibe chigamba. Chipindacho chinali chachikulu, mabenchi atadzaza ndi anthu a milandu ina amene ankangomvera nawo podikira yawo. Palibe amene anandiuziratu kuti ndikafunsidwa zotani, kapena kuti ndikanena zoona ndikagona kuti tsiku limenelo. M'mutu mwanga munali funso limenelo basi, chifukwa ndinkaona kuti woweruza akaweruka apita kwawo, apolisi apita kwawo, koma minibasi yobwerera kumudzi tikwera imodzi ndi abambo.

Anganga ataitanidwa anayamba kugwada pamaso pa woweruza, ndipo atauzidwa kuti aimirire anthu anaseka. Anafotokoza zonse mosaphonya, za mpheta, za mafinya, za mawu amene ndinawauza m'mphepete mwa ngalande. Atamaliza, abambo anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kabuku kaja. Woweruza, mayi wovala magalasi, anawerenga mzere uja n'kuutanthauzira m'Chichewa, kenako anandiitana n'kundiuza mokoma kuti ndisaope. Abambo anakhala mapazi atatu kuchokera pamene ndinaima, chipewa chili pabondo. Amayi anali mbali inayo, dzanja lili m'chikhakha, Dalitso atakhala pamiyendo pawo.

"Khutu lako linatani, mwanawe?"

"Ndinagwa pangalande."

"Nanga agogo awa akuti unawauza kuti anakumenya ndi bambo ako?"

Pamenepa ndikanatha kungokhala chete, kapena kulira, ndipo mwina mayi uja akanazindikira. Koma ine ndinawonjezera zimene palibe anandituma, ngakhale abambo amene.

"Akunama. Amadana ndi ababa."

Sindinayang'ane kumene anganga anakhala, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti nkhope yawo inaoneka bwanji. Woweruza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kanthawi ndithu, kenako anaimitsa mlanduwo n'kunena kuti akufuna munthu woona za ana akafike kumudzi, akacheze nafe patokha. Muminibasi amayi anandigwira dzanja ndi dzanja lawo labwinolo njira yonse. Tsiku limene anatipatsa lisanafike, ankhoswe ndi akuluakulu a mpingo anakhalanso pansi pa mango, ndipo amayi, amene mwana wawo yemwe anawatsutsa pagulu, anapita kukachotsa mlandu. Munthu woona za ana uja sitinamuone.

Otsala anali anganga. Ankhoswe anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, nanga iwo chinkawapweteka n'chiyani m'banja la eni, ndipo anagamula kuti akapepese kwa munthu amene anamuipitsira mbiri. Anabwera Loweruka masana atanyamula tambala, nagwada pabwalo pathu anthu akuona. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe poganiza kuti tsopano anena kuti funsani mwanayu. Sanatero. Anati anamva molakwika, makutu akalamba, mwana sananene zimenezo, abambo awakhululukire. Tambalayo tinamudya tsiku lomwelo.

Kutchalitchi anawasiyitsa kulangiza atsikana, ntchito imene anaigwira zaka zambiri. Anyamata a kabaza anawapatsa dzina lakuti a Loya, ndipo dzinalo linamera mizu mpaka ana ongoyamba kuyankhula ankaganiza kuti ndi lawo lenileni. Tsiku lina pochokera kusukulu anzanga anaima panjira n'kumakuwa kuti a Loya, a Loya, mlandu uli liti, ndipo ine, poopa kuti ndikakhala chete onse atembenukira kwa ine, ndinakuwa nawo. Anganga anatukula mutu pauvuni ndipo maso athu anakumana. Sanatukwane, iwo amene ankatukwana ndi khwangwala yemwe, anangowerama n'kutembenuza mlamba.

Sabata yomweyo abambo anamanga mpanda wa mabango pakanjira kaja, natiuza kuti wodutsa pamenepo aona. Dalitso anasowa kothawira. Mawu akatsika ndinkapita naye kuseri kwa nyumba, kumene zonse zinkamveka bwinobwino, n'kumutseka makutu ndi manja anga. Anganga ankatukwanabe mbuzi mokweza kutsidya kwa mpanda, koma mwana uja anasiya kuseka. Kangapo konse analowetsa kachidutswa ka mlamba pakati pa mabango, mpaka tsiku limene abambo anapeza minga pansi. Madzulo amenewo ndinapita pampandapo n'kuuza anganga kuti asiye, akutiputira mavuto. Anayankha kuti chabwino, amva, ngati akuyankha munthu wamkulu.

Dalitso anayamba kukodza pamphasa, kenako kuluma anzake kusukulu, aphunzitsi n'kumati ndi mwana wovuta. Atafika zaka zisanu ndi zinayi abambo anayamba kumumenya iyenso, poti ankayankha. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anaika malaya ake awiri mujumbo n'kunena kuti akupita kunyanja, kukakhala ndi asodzi pazimbowera, tinyumba tija timayandama pakati pa mabango kutali ndi mtunda. Ndinamutsatira mpaka kumjigo ndikumuchonderera kuti amalize kaye sitandade sikisi, kuti apirire pang'ono monga tonse tikupirira. Ndinkaganiza kuti za kukhoti zija sakuzikumbukira, poti anali wamng'ono.

"Inu achemwali mumatha kugwa pangalande," anatero osatembenuka. "Ine sinditha."

Abambo anachoka okha patapita zaka ziwiri, atapeza mkazi wina kwa Kuntumanji. Palibe khoti limene linawachotsa. Amayi alipo, dzanja lija linapola chokhota, ndipo za nkhaniyi anandiuzapo kamodzi kokha, akupeta mpunga, kuti amene anandiphunzitsa kusaulula ndi iwo, ndiye sangandiimbe mlandu. Ine ndinakwatiwa, ndimagulitsa mpunga ndi matemba mumsika ku Zomba, ndipo makasitomala anga amadziwa kuti akafuna kunenerera mtengo aime kumanja.

Tsiku lina ndili pabenchi yanga ndinamva pawailesi anthu akufotokoza za malamulo oteteza ana. Ankati mwana amene amaona mayi ake akumenyedwa nayenso akuzunzidwa, ngakhale osamukhudza, ndipo ayenera kutetezedwa. Ankati mwana wotero afunsidwe payekha, womuzunza asali pomwepo, pakhale munthu amene iye amamukhulupirira, ndipo adziwitsidwe kuti akakhala kuti akanena. Ankatinso munthu aliyense wa pamudzi akaona mwana ali pangozi angathe kumutenga n'kupita naye pamalo otetezeka, n'kukadziwitsa aboma, osayamba wapempha kwa kholo. Ndinafunsa mnzanga wina amene mchemwali wake amagwira ntchito kukhoti, ndipo anandiuza kuti malamulowo analipo kale chaka chimene ine ndinkakwera kaliyala uja. Ndinakhala tsiku lonse ndikupimira anthu mpunga molakwitsa.

Chilimwe chathachi ndinalimba mtima n'kupita kukaona anganga, nditanyamula shuga ndi fodya. Uvuni unali utagumuka kalekale. Ndinawapeza atagona pamphasa pakhonde la mdzukulu wawo, atachepa thupi, maso akuona mwachimbuuzi, koma mawu anga anawazindikira ndisanamalize moni. Ndinagwada pafupi, ndipo mawu amene ndinawakonza zaka khumi ndi zitatu anatuluka ochepa kwambiri.

"Anganga, ndinakunamizirani pamaso pa anthu. Sindinagwe pangalande."

"Ukuuza ine?" anatero. "Mafinya aja anali m'zala za ndani?"

Ndinayamba kulira, iwo n'kundiuza kuti ndisiye, ndinyowetsa fodya. Kenako anadzuka pang'ono, natsamira khoma.

"Iwe unali mwana, ndipo mwana amayankha akuyang'ana amene akagone naye nyumba imodzi. Wolakwa ndine. Ndinapita kukagwada, kukatsanzika kwa munthu amene anakupweteka, ngati ndikubwereka khasu. Ndikanangokutenga kumunda komwe kuja, ndi matope ako omwe."

Pofuna kuwatonthoza, kapena pofuna kuonetsa kuti ndikudziwa zinthu, sindidziwa, ndinawafotokozera zimene ndinamva pawailesi, kuti lamulo linkawalola kunditenga osapempha. Anafunsa ngati zinali choncho ngakhale chaka chomwe chija. Ndinati inde. Anakoka fodya, koma sanayetsemule, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndawawonjezera katundu nkhalamba imene inali italemedwa kale. Potsanzika anandigwira pamkono.

"Ukamuona Dalitso, ukamuuze kuti anganga akuti analakwa. Mwana ujatu njira ndinamutsekera ndine."

Anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro mlaliki anati anali mayi waulemu, ndipo anthu anavomereza, ena mwa iwo omwe aja ankawatchula a Loya.

Uthenga uja ndikadali nawo. Dalitso ndimakumana naye kudoko ndikapita kukapikula matemba. Wakula, ndi wamtali kuposa abambo, sayankhulayankhula, sukulu sanabwererenso, ndipo amandipatsa moni waulemu umene amapatsa kasitomala aliyense. Nthawi zonse ndimanyamuka ku Zomba nditatsimikiza kuti lero ndinena, koma ndikamuona ndimapeza kuti sindingapereke kupepesa kwa anganga ndisanapereke kwanga, ndipo kwangako n'kolemera kuposa kwawo, chifukwa iwo analakwa pofuna kundithandiza, pamene ine ndinaima pagulu n'kunena kuti akunama. Amati mlandu suola, ndipo wanga ndimaumva kuti ukadali wauwisi. Lachiwiri lapitali ndinamupeza akuyanika nsomba pathandala, palibe munthu wina pafupi. Ndinamutchula dzina, iye n'kusiya ntchito, kutembenuka, n'kumandidikira. Ndinamufunsa kuti ndowa ya matemba akugulitsa bwanji.